Mmene Chithunzi Chinachokera pa Filimu N'kusanduka Manambala

Ambiri a ife amene tinamaliza Fomu 4 foni za m'manja zisanabwere tili ndi zithunzi zowerengeka pa zala za masiku a kusukulu. Koma zochepa zomwezo zilipo mpaka lero, zina m'sutikesi, zina pakati pa masamba a buku. Ana athu amajambula tsiku lililonse, komabe foni ikangobedwa kapena kugwera m'madzi amatsala chimanjamanja. Kuti timvetse chomwe chinasintha, tiyeni titsate mbiri ya kamera ya dijito.

Tiyambe ndi filimu, popeza ndi imene inatilera. M'chaka cha 1888, George Eastman wa mumzinda wa Rochester ku America anayamba kugulitsa kamera yotchedwa Kodak pa mtengo wa madola 25. Inkabwera ndi filimu yokwana zithunzi 100. Filimu ikatha, munthu ankatumiza kamera yonse ku fakitale, komwe ankatsuka zithunzi ndi kuikamo filimu ina. Apa ndi pomwe panali nzeru ya kampaniyi: phindu lalikulu linali pa filimu, mapepala ndi mankhwala otsukira, zomwe munthu ankagula mobwerezabwereza moyo wake wonse.

Filimu imakhala yopakidwa mankhwala a siliva amene amasintha kuwala kukawagunda. Ikatsukidwa pamatuluka negetivu, ndipo pa negetivuyo ndi pomwe amasindikizira chithunzi papepala. Ine ndimakumbukira wojambula amene ankabwera Loweruka pa njinga, kamera ili m'khosi. Filimu yake inali ya zithunzi 24 kapena 36, ndipo sankapita kukatsukitsa ku tauni isanadzaze. Tinkabwerekana majekete ndi nsapato, n'kudikira milungu ingapo kuti tione ngati sitinatsinzine. Chithunzi chinali chodula, kotero tinkachisamala.

Kusintha kunayamba m'chaka cha 1969, pomwe Willard Boyle ndi George Smith a ku Bell Labs ku America anatulukira kachipangizo kotchedwa CCD. Kali ndi tizipinda ting'onoting'ono tondandalikidwa m'mizere. Kachipinda kalikonse kamasonkhanitsa mphamvu ya magetsi molingana ndi kuwala komwe kagwerapo, ndipo mphamvuyo ikayezedwa imalembedwa ngati nambala. Kachipinda kamodzi kamapereka kadontho kamodzi ka chithunzi, komwe timati pikiseli. Awiriwa analandira mphotho ya Nobel chifukwa cha ntchitoyi mu 2009, patapita zaka 40.

Chodabwitsa n'chakuti kamera ya dijito yoyamba inabadwira m'nyumba ya filimu momwemo. Mu December 1975, injiniya wachinyamata wa ku Kodak, Steven Sasson, anamaliza kulumikiza chimakina cholemera makilogalamu 3.6. Chithunzi chake chinali chakuda ndi choyera, cha timadontho 10,000 tokha, ndipo pankapita masekondi 23 kuti chilembedwe pa tepi ya kaseti. Kuti munthu achione, ankaika kasetiyo m'makina ena olumikizidwa ku wailesi ya kanema. Mnzake wa pa kampani yomweyo, Bryce Bayer, anapeza njira yopatsira zithunzi zotere mitundu, poika tosefa tofiira, tobiriwira ndi tabuluu pamwamba pa tizipinda tija. Makamera ambiri akutsatabe njira imeneyi.

Akuluakulu a Kodak sanafulumire nayo kamera ya Sasson. Akanagulitsa bwanji chinthu chosafuna filimu, pomwe filimuyo ndiyo inkawadyetsa? Panapita zaka 16 kuti kampaniyi itulutse kamera ya DCS mu 1991, yomangidwa pa thupi la Nikon F3, ya timadontho 1.3 miliyoni, ndipo mtengo wake unali woti angakwanitse ndi makampani a nyuzipepala. Mu 1994 kampani ya Apple inatulutsa QuickTake 100, yomwe inkasunga zithunzi zabwino 8 zokha. Mu 1995 Casio ya ku Japan inabweretsa QV-10, yokhala ndi kagalasi kumbuyo koonerapo chithunzi pompopompo. Kudikira kuja kunathera pamenepo. Nikon D1 itatuluka mu 1999, atolankhani ambiri anayamba kuika filimu pambali.

Kenaka kamera inalowa m'foni. Ku Japan, Kyocera inagulitsa foni yokhala ndi kamera mu 1999, ndipo Sharp inatsatira mu 2000. Izi zinapita patsogolo chifukwa cha kachipangizo ka mtundu wina kotchedwa CMOS, kosadya batire kwambiri, komwe Eric Fossum ndi anzake anakakonza m'zaka za m'ma 1990 pogwira ntchito za bungwe la NASA. Kuno kwathu anthu ambiri sanagulepo kamera ya dijito payokha. Anachoka kwa wojambula wa pa njinga n'kufikira pa foni.

Nanga Kodak? Inadzagulitsa makamera a dijito ochuluka ndithu, koma phindu lake silinafike pa la filimu. Mu 2009 inasiya kupanga filimu yake yotchuka ya Kodachrome, ndipo mu January 2012 kampani imene inali ndi antchito oposa 140,000 cha m'ma 1988 inapita ku khoti kukapempha chitetezo chifukwa cha ngongole. Inatulukamo mu 2013 ili yaing'ono. Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu.

Tsono chithunzi chikasanduka manambala, pamabwera zinthu ziwiri zomwe zikutikhudza tonse.

Choyamba, manambala savuta kusintha. Kukonza zithunzi sikunayambe ndi kompyuta ayi. Ku Soviet Union, Nikolai Yezhov atachotsedwa pa udindo ndi kuphedwa, anamufufuta pa chithunzi chomwe anaima pafupi ndi Stalin. Koma ntchito yotere inkafuna katswiri ndi nthawi yaitali. Mu 1982 magazini ya National Geographic inasendeza mapiramidi a ku Egypt pa kompyuta kuti akwane pachikuto, ndipo anthu anadzudzula kwambiri. Mu 1987 abale awiri, Thomas ndi John Knoll, anayamba kulemba pulogalamu yomwe kampani ya Adobe inaitulutsa mu February 1990 ndi dzina loti Photoshop. Mu 1996 panatuluka GIMP, yaulere, yomwe anailemba ophunzira awiri a pa yunivesite ya ku Berkeley. Mu 2003 nyuzipepala ya Los Angeles Times inachotsa ntchito wojambula wake, Brian Walski, chifukwa cholumikiza zithunzi ziwiri za nkhondo ya ku Iraq kukhala chimodzi. Lero foni wamba imasalaza nkhope ndi kuchotsa munthu pagulu mwa kungokhudza ndi chala.

Mapulogalamu amenewa ali ndi ubwino wake. Chithunzi cha kalasi chomwe chinafwifwa kapena kudyedwa ndi chiswe m'mbali chingathe kuwalanso. Ine ndingopempha kuti pokonza tisafufute zoona. Ngati yunifolomu inali ya zigamba, zigambazo zikhale. Ngati pamzere panaima munthu amene tinadana naye pambuyo pake, aime pomwepo. Adzukulu athu adzafuna kuona mmene zinalili.

Chachiwiri, manambala savuta kutayika. Negetivu ndi pepala zimaoneka ndi maso, ngakhale patapita zaka zambiri. Chithunzi cha dijito chimafuna makina oti achiwerenge, ndipo makina amatha fasho. Ndani mwa ife ali ndi kompyuta yowerenga madisiketi a m'ma 1990? Ngakhale intaneti si nkhokwe yodalirika kotheratu. Mu 2019 kampani ya Myspace inavomera kuti inataya nyimbo, zithunzi ndi makanema omwe anthu anaikapo kwa zaka zambiri, posamutsa zinthu kupita pa makompyuta ena. Komanso chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwa njira ya masiku onse chimachepetsedwa, kotero chomwe timalandira pa gulu lathu si chofanana ndi choyambirira.

Malangizo anga ndi awa. Amene muli ndi zithunzi zakale za kusukulu, musataye pepala kapena negetivu ngakhale mutazilowetsa m'kompyuta. Lembani kumbuyo ndi pensulo chaka, malo ndi maina a anthu, popeza odziwa mainawo tikucheperachepera. Mukafuna kukonza, sungani choyambirira pachokha osachikhudza. Zithunzi za m'foni zisungidwe malo awiri kapena atatu osiyana, ndipo zofunika kwambiri, monga za msonkhano wathu wa pachaka, muzitsukitse pa pepala ku situdiyo. Amene mungathe, bwerani nazo zithunzi zakalezo tikadzakumana, kuti tithandizane kutchula maina amene ena aiwala. Mutu umodzi susenza denga.