KUSERI KWA BWALO

Ana a sukulu amene amapita ku London amaonetsedwa nyumba ya masewero yochedwa Globe. Yoyamba ya dzina limeneli inamangidwa m'caka ca 1599, ndipo masewero ambiri a William Shakespeare anaonetsedwa m'menemo. Inapsa m'caka ca 1613, pamene mzinga umene anaomba pakati pa sewero unayatsa udzu wa padenga. Imene iripo lero inatsegulidwa mu 1997. Kumeneko anawo amamva kuti kuseri kwa bwalo kunali cipinda cobvaliramo, m'mene anyamata anali kubvala za akazi, pakuti masiku amenewo akazi sanali kusewera pa bwalo. Akabwerako amati, “Kwathu kulibe zotere.” Kodi nzoona?

Ife Acewa a m'mbali mwa nyanja, kuno ku Nkhotakota, tiri nalo bwalo, ndipo nalonso liri ndi kuseri kwace. Gule Wamkulu amabvinidwa poyera, koma amakonzedwa ku dambwe, m'nkhalango, kawirikawiri pafupi ndi manda. Kumeneko akuluakulu amasema, amaluka, naphunzitsa anyamata mwambo. Kasiyamaliro amalukidwa ndi makoko a cimanga masiku ambiri, koma maliro akatha amatenthedwa. Wosameta akafunsa kumene zilombo zicokera, amamuyankha kuti zinawedzedwa m'madzi. Ndipo ife odziwa mbedza ndi khoka sitifunsanso.

Kusiyana kwace ndi uku: ku Ulaya nyumba zina za masewero zimalowetsa mlendo kuseri akalipira ndalama, koma pa dambwe wosameta salowa. Cinsinsi cimeneci ndico cinasunga gule pa nthawi ya mabvuto. Angoni atalowa m'dziko, nyau sizinathe. Amishoni atafika, monga aja anakhazikika ku Nkhotakota mu 1894 ndi ku Mua mu 1902, analetsa Akhristu ao kupita ku dambwe. Acewa sanayankhe ndi mkondo ai. Anaturutsa zilombo zatsopano, monga Simoni wa nkhope yofiira ndi Mariya, nawaseka alendowo pa bwalo.

Zinthu zinatembenuka pang'onopang'ono. Mu 1976 Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni pa mishoni pomwepo pa Mua, ndipo lero m'nyumba ya Chamare muli nkhope za gule zoposa 400. Mu 2005 bungwe la UNESCO linachula Gule Wamkulu kuti ndi cuma ca anthu a dziko lonse lapansi.

Tsono inu aphunzitsi anzanga, mwana asanaoloke nyanja zazikuru, ayambe wafika ku Mua.  Akaone zimene eni mwambo alola kuti zioneke, ndipo aphunzire kuleka zimene sanalole. Mwana wodziwa kulemekeza kuseri kwa bwalo la kwao sadzacita manyazi pa bwalo la eni.