Uta "wamakolo" wa ku America ndi wamng'ono kwa agogo anga

Holide yapitayi bandulo yanga ya usiku inkathera pa mavidiyo a alenje a ku America. Sindine mlenje, ndipo ndisanapitirire ndinene kuti kwathu kuno kupha nyama yakutchire popanda chilolezo ndi mlandu, moti chisinthireni lamulo mu 2017 nyama zina zikhoza kukugonetsa kundende zaka 30. Chomwe chinandikoka ndi bambo wina wandevu zambiri amene ankaphunzitsa kaimidwe, kakokedwe ndi kachunidwe ka uta wa recurve posaka agwape. Mphindi iliyonse ankabwereza mawu akuti traditional, kutanthauza kuti uta wakewo ndi wamakolo. Koma nditauyang'anitsitsa ndinaona kuti ndi wa fiberglass womatidwa ndi guluu wa kufakitale, chingwe chake ndi cha ulusi wapulasitiki, mivi yake ndi ya carbon. Ndiye makolo ake ati? Amene mwaphunzirako mbiri mukudziwa kuti chinthu chikamadzitchula kawirikawiri kuti ndi chamakolo, pamafunika kufunsa chaka chomwe chinabadwa.

Maonekedwe a utawo ndi akale ndithu, apo sindikutsutsa. Recurve ndi uta umene nsonga zake ziwiri zimapindikira kutsogolo, kuthawa mwini wake. Ukaukunga, chingwe chimagona pa nsongazo, ndipo ukamakoka zimafunyululuka pang'onopang'ono. Mapeto ake uta waufupi umasunga mphamvu zambiri kuposa ndodo yowongoka ya msinkhu womwewo. Anthu a ku Asia anazindikira zimenezi zaka masauzande zapitazo. Ankamata nyanga kumimba kwa uta, poti nyanga imapirira kupanikizidwa, mitsempha ya nyama kumsana kwake, poti mtsempha umatamuka n'kubwerera, pakati n'kuikapo thabwa lopyapyala. Guluu wake anali wa zikopa kapena wa nsomba, ndipo uta umodzi unkatha chaka kapena kuposerapo usanaume. M'manda a Tutankhamun, omwe anapezeka mu 1922, munali mauta omata chonchi. Ku Istanbul kuli malo otchedwa Okmeydanı kumene ankaimika zipilala zamiyala pomwe muvi wa katswiri wagwera, ndipo mu 1798 Sultan Selim III anaponya muvi mtunda wa mamita pafupifupi 890. Mabwalo a mpira asanu ndi atatu mutawalumikiza! Koma mauta amenewa anali ankhondo, a pahatchi ndi a mpikisano, ndipo ankadana ndi chinyezi. Mzere wochokera kwa iwo kukafika kwa bambo wandevu uja si wowongoka.

Nkhani ya bamboyo ikuyambira pa 29 Ogasiti 1911, pamene munthu wina wowonda ndi njala anapezeka pakhola la malo ophera ng'ombe pafupi ndi tauni ya Oroville ku California. Anali womaliza wa mtundu wa Yahi. Abale ake anatha ndi mfuti za atsamunda omwe anadzaza dzikolo pofuna golide kuyambira 1849, ndipo otsala ochepa anabisala m'mapiri zaka pafupifupi makumi anayi. Dzina lake sanalitchulepo, poti kwawo munthu sankadzitchula yekha dzina. Alfred Kroeber wa ku University of California anangomutcha Ishi, mawu otanthauza mwamuna m'chiyankhulo cha Yana, n'kumupatsa malo ogona m'nyumba yosungiramo zakale ku San Francisco. Anthu ankabwera Lamlungu kudzamuonerera akusema nsonga za mivi. Ineyo mbali imeneyi imandiwawa: munthu wamoyo kusungidwa limodzi ndi mbiya ndi zigaza.

Dokotala wake anali Saxton Pope, ndipo awiriwa anagwirizana chifukwa cha uta. Zomwe Pope analemba m'buku lake la mu 1923 lotchedwa Hunting with the Bow and Arrow n'zimene zimandichititsa chidwi. Uta wa Ishi unali waufupi, wopitirira pang'ono mita imodzi, wa mtengo wa juniper womatidwa mitsempha kumsana, nsonga zake zopindidwa pang'ono pa mwala wotentha. Ankakoka chingwe ndi chala chachikulu, muvi uli kudzanja lamanja la uta. Pa chandamale cha pepala sanali katswiri, moti Pope anadzamuposa. Koma kutchire zinali zina. Mawa lake kukakhala kosaka, Ishi sankadya nsomba kapena kusuta fodya kuopa fungo, m'mawa ankasamba kumtsinje, ankayenda moyang'anana ndi mphepo, ndipo ankaitana akalulu poika zala pamilomo n'kumatsanzira kulira kwa kalulu amene ali pamavuto. Luso lake lalikulu linali lofika pafupi. Muvi uliwonse ankauwongola pamoto, nthenga zake zitatu zochokera ku phiko limodzi, ndipo muvi wosauluka bwino sankapita nawo kosaka. Kumeneko ndiye kunali kuchuna kwake.

Ishi atamwalira, Pope ndi mnzake Art Young anapitiriza, koma taonani chomwe anachita: anasiya uta waufupi wa mphunzitsi wawo n'kutenga uta wautali wa Chingelezi, wokoka ndi zala zitatu. Mu 1920 anapha nawo zimbalangondo ku Yellowstone atapatsidwa chilolezo, ndipo mu 1925 anafika ku Tanganyika kudzalasa mikango, anzawo amfuti ali pambali kudikirira zikavuta. Mu 1927 mnyamata wina wogwira ntchito m'mafakitale a galimoto ku Detroit, dzina lake Fred Bear, anaonera kanema wa Young akusaka ku Alaska, ndipo mutu unamuzungulira. Mu 1933 anayambitsa kampani yomwe inadzakhala Bear Archery, ndipo mu 1947 anaisamutsira ku Grayling m'chigawo cha Michigan. Chapakati pomwepa, mu 1934, chigawo cha Wisconsin chinatsegula nyengo yoyamba yosaka agwape ndi uta wokha. Msika unali utabadwa.

Chomwe chinkasowa ndi chinthu chogwira ntchito ya nyanga ndi mtsempha koma chosaopa mvula komanso chosadikira chaka kuti chiume. Fiberglass inapereka yankho itatha nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1950 mauta a recurve ngati Kodiak wa Bear ankatuluka m'fakitale ambirimbiri. Agogo anga aamuna nthawi imeneyo anali kale ndi ndevu. Mawu akuti traditional anabwera mochedwa kuposa apa. Holless Wilbur Allen wa ku Missouri anapanga uta wa mapule, wotchedwa compound, n'kukaulembetsa mu 1966, chiphaso chake n'kutuluka mu 1969. M'zaka zochepa alenje ambiri anathamangira kumeneko, ndipo otsalawo anafunika dzina lodzisiyanitsira. Uta womwe dzulo lake unali wamakono unadzuka uli wamakolo.

Nanga malangizo a kachunidwe aja anachokera kuti? Apa mpamene ndinadabwa kwambiri, chifukwa ambiri anachokera kwa akatswiri a fizikisi. Clarence Hickman, yemwe anaduka zala zingapo mu 1918 akuyesa maroketi ndi Robert Goddard, anajambula muvi ukuchoka pa uta ndi kamera yothamanga kwambiri. Mnzake Paul Klopsteg anafufuza mauta a ku Turkey n'kutulutsa buku mu 1934. Zithunzi za Hickman zinaonetsa zomwe diso silingaone: muvi suchoka uli chiwongokere. Chingwe chikamatsetsereka pa zala chimapatukira kumbali, mphamvu yonse imakankha kumbuyo kwa muvi pamene nsonga yolemera ikadali phee, ndiye muviwo umapindika, kubwerera, kupindikanso, ukuyenda ngati nsomba m'madzi mpaka kulambalala chogwirira cha uta. Kuti ulambalale bwino, kulimba kwa muvi kuyenera kugwirizana ndi mphamvu ya uta. Azungu kulimba kumeneku amakutcha spine.

Nayi njira yoyesera yomwe bambo wandevu uja ankaphunzitsa. Umatenga mivi yofanana, ina ya nthenga, ina yopanda nthenga, n'kuiponya pa chandamale chimodzi pamtunda wa mamita 15 kapena 20. Nthenga zimabisa zolakwika, muvi wamaliseche subisa kanthu. Kwa munthu wokoka ndi dzanja lamanja, wopanda nthenga ukagwera kumanzere kwa anzake ndiye kuti walimbitsa, ndipo umaufewetsa poika nsonga yolemererapo. Ukagwera kumanja ndiye kuti wafewetsa, umaudula pang'ono kuti ulimbe. Ukagwera m'munsi, mfundo yapachingwe yomwe muvi umatsamira yakwera kwambiri, itsitsidwe. Palinso mpata wa pakati pa chingwe ndi chogwirira, womwe pa mauta ambiri a recurve umakhala masentimita 18 mpaka 22. Ukapota chingwe mpatawo umakula, ukachimasula umachepa, ndipo umasakasaka mpaka pomwe uta ukulira motsitsa, poti gwape amamva kulira kwa chingwe n'kunyutuka muvi usanafike.

Koma zonsezi n'zachabe ngati thupi la woponyayo likusinthasintha. Mphamvu yolembedwa pa uta, tinene mapaundi 45, imayezedwa utakokedwa mainchesi 28, ndipo inchi iliyonse yoperewera imachotsa mapaundi awiri kapena atatu. Lero ukakoka mpaka chala kugunda pangodya ya pakamwa, mawa n'kulekezera patsogolo pa chibwano chifukwa mkono watopa, ndiye kuti waponya ndi mauta awiri osiyana, ndipo muvi womwe unali bwino dzulo lero walimbitsa. N'chifukwa chake amalimbikira zoti dzanja lizifika malo amodzimodzi pankhope, phewa la mkono wogwira uta likhale lotsika, kukoka kuchokere ku minofu ya kumsana osati ya mkono, ndipo zala zingolefuka chingwe chidzichokere chokha. N'chifukwa chakenso amati woyamba kumene asagule uta wolemera pofuna kuonetsa uchamuna. Izi ndinaziyesa ndi uta wansungwi womwe ndinasema kuseri kwa nyumba, chandamale chake thumba la madeya. Ndinaiwala kutembenuzira chigongono kunja, chingwe chinandikwapula pamkono, ndipo ndinayenda sabata yonse ndi chikanga chomwe amayi sanakhulupirire chiyambi chake.

Wina afunsa kuti chovutikira chonchi n'chiyani. Yankho lili pa nyamayo. Muvi supha ndi kugunda ngati chipolopolo, umapha ndi kucheka ndi kutaya magazi. Nsonga yosakira ndi yotambalala ngati mpeni, moti pa muvi wosachunidwa imasanduka phiko la kutsogolo n'kuukhotetsa. Muvi wofika chopendekera sulowa mokwanira, ndipo m'malo mopyoza mapapo onse awiri kuti nyama igwe m'masekondi ochepa, umaisiya ikuthawa ndi bala, kukafera kutali patapita masiku. Pakati pa zaka za m'ma 1980 Ed Ashby anachita nawo kafukufuku ku Mkuze, m'chigawo cha Natal ku South Africa, woyesa momwe mivi imalowera m'matupi a nyama zikuluzikulu. Pa zaka zambiri zotsatira anafika pa mfundo yoti muvi wolimba, wouluka mowongoka, wolemera magalamu 42 kapena kuposerapo, wansonga ya mpeni umodzi, ndi umene umaswa fupa. Kuchuna uta, tsono, ndi nkhani ya chifundo pa nyama yomwe wasankha kuipha, ngakhale mavidiyo ambiri amaigulitsa ngati nkhani ya zida.

Makolo athu vuto lomweli analithetsa mwa njira ina. Uta wawo unali wa mtengo umodzi, wopanda nsonga zopindikira kutsogolo, ndipo ntchito yaikulu inkagwiridwa ndi ulembe. Paulendo wa David Livingstone wa ku Zambezi ndi Shire womwe unayamba mu 1858, John Kirk anaona Amang'anja akupaka mivi yawo ulembe wochokera ku njere za chomera chotchedwa kombe. Nsonga yachitsulo inkalowetsedwa m'bango mwa njira yoti ikalasa, bangolo ligwe, nsonga itsale m'thupi, mlenje n'kumalondola mapazi. Tsiku lina mswachi wa Kirk unakhudzana ndi kombeyo m'thumba, ndipo atatsuka mano anaona kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Thomas Fraser wa ku Edinburgh anadzapatula mankhwala a mtima otchedwa strophanthin kuchokera ku njere zomwezo, ndipo chomeracho mpaka lero m'mabuku a sayansi ndi Strophanthus kombe. Dzina la chomera linalowa m'mabuku, mayina a alenje amene anachidziwa sanalowe.

Sindikunyoza bambo wandevu uja. Munthu amene wakana mfuti ndi mapule, n'kusankha chida chomwe chimamukakamiza kufika mamita 20 kwa gwape, wasankha njira yovuta, ndipo ndimamupatsa ulemu. Chomwe ndikukana ndi mawu oti wamakolo akagwiritsidwa ntchito ngati chophimba. Pansi pa chophimbacho pali amisiri a ku Turkey, fakitale ya ku Michigan, katswiri wa maroketi wopanda zala, ndi Myahi mmodzi amene kakokedwe kake ophunzira ake anakasiya. Mu 1961 alenje a uta ku America anayambitsa bungwe losunga mbiri ya nyama zikuluzikulu zomwe apha, n'kulitcha Pope and Young Club. Mphunzitsi wa Pope m'dzinamo mulibe.

Ishi anamwalira ndi chifuwa chachikulu pa 25 Malichi 1916, atakhala pakati pa azungu zaka zosakwana zisanu. Ankanyansidwa ndi zong'amba mitembo, ndipo Kroeber, yemwe anali ku New York, analemba kalata yoletsa, koma mtembo unang'ambidwabe. Pootcha thupi lake anamuikira uta wake umodzi ndi mivi isanu. Ubongo wake sunali pomwepo. Unatumizidwa ku Smithsonian ku Washington, kumene unakhala m'mankhwala mpaka chaka cha 2000, pamene mitundu ya ku California yomwe ili pachibale ndi Ayahi inaulandira n'kukauika limodzi ndi phulusa lake pamalo omwe sanaulule.