Kasisi ndi Mbumba ya Amakololo ku Chigwa cha Shire

Mayina a Kasisi, Katunga, Maseya ndi Mlilima ndi odziwika kwa aliyense wa ku Chikwawa. Ndi mafumu aakulu, ndipo anthu awo amalankhula Chimang'anja. Koma makolo amene anayambitsa maufumu amenewa sanabadwire m'chigwa cha Shire. Anali alendo onyamula akatundu, ndipo mkulu wawo anali Ramakukan, amene Amang'anja anamutcha Kasisi.

Mtundu wake unali wa Amakololo, anthu olankhula Chisotho amene anathawa nkhondo kummwera kwa Africa m'zaka za m'ma 1820 motsogoleredwa ndi Sebetwane, mpaka anakagonjetsa Alozi kumtunda kwa Zambezi. Sebetwane anamwalira mu 1851. Mwana wake Sekeletu ndiye anapatsa David Livingstone anthu oposa 100 omuperekeza pa ulendo wa mu 1855, umene unafika ku Tete ndi ku Quelimane chaka chotsatira. Mu 1860 Livingstone anabweza ena mwa anthuwo kwawo, ndipo pobwerera anatenga kagulu kena kochepa. M'kagulu kameneka Amakololo enieni anali Ramakukan ndi Mloka. Enawo anali a mitundu imene Amakololo ankailamulira, koma onse anadziwika ndi dzina limodzi.

Anafika m'chigwa pa nthawi yowawitsa. Chilala cha 1862 ndi 1863 chinapha anthu osawerengeka, pomwe Ayao kumapiri ndi asilikali a mtsogoleri wina wotchedwa Matekenya kumunsi ankagwira akapolo. Amishoni a Bishopu Mackenzie, atasamuka ku Magomero, anakhala kanthawi kwa Chibisa, kenaka anachoka. Livingstone nayenso anachoka mu 1864, chaka chimene Alozi anagwetsa ufumu wa Amakololo kwawo. Alendo aja analibenso kobwerera, koma anali ndi mfuti.

Mfutizo ndizo zinawapatsa dziko. Anthu othawa njala ndi ukapolo anayamba kusonkhana m'malinga awo, ndipo posakhalitsa mphamvu za Lundu, mfumu yaikulu ya Amang'anja, zinathyoledwa. Alendowo anagawana mtsinje: Kasisi kumtunda kufupi ndi mathithi a Kapichira, Katunga ndi Maseya pakati, Chipatula kumunsi cha ku Chiromo. Kachisi wa Mbona ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, anatsala m'manja mwa eni nthaka. Ulamuliro wa Amakololo unali wa mbali ziwiri. Unatseka madooko kuti ogula akapolo asaoloke, koma unali wankhanza: mafumuwo ankalanda akazi ndi minyanga, ankagwiritsa anthu ntchito mokakamiza, ndipo Chipatula anatchuka ndi zilango zoopsa.

Ubale wawo ndi Livingstone unawasandutsa abwenzi a Angerezi. Mu 1875 amishoni a Livingstonia atafika ndi sitima ya Ilala, anaiphwasula m'zidutswa, ndipo anthu mazanamazana a m'midzi ya Amakololo anazisenza pamutu kulambalala mathithi onse mpaka kumtunda kumene mtsinje umayendeka. Mishoni ya Blantyre itakhazikika mu 1876, mafumuwo anatumizako ana awo kusukulu.

Chibwenzicho chinagwedezeka mu 1884 pamene wamalonda George Fenwick anawombera Chipatula atakangana. Anthu a Chipatula anapha Fenwick ndi kumiza sitima ya Lady Nyasa, ndipo Kasisi ndiye anaziziritsa mlanduwo kuti njira ya pamadzi itsegukenso. Kasisi atamwalira, utsogoleri unapita kwa Mlauli, amene mu November 1889 anamenyana ndi asilikali a Serpa Pinto wa ku Portugal nagonja. Nkhondo imeneyi inachititsa Britain kuopseza Portugal mu January 1890, ndipo mu 1891 dziko lino linalowa m'manja mwa Angerezi. Choncho malire athu a kummwera ali ndi chala cha Amakololo.

Chodabwitsa ndi mmene mbumbayi inasungunukira. Amunawo anabwera opanda akazi, nakwatira Amang'anja ambirimbiri. Ana anayamwa chilankhulo cha amayi awo, Chisotho n'kuzimirira. Chimene chinatsala ndi mayina ndi mwambo woti ufumu uzipita kwa mwana wa mfumu, pakati pa anthu amene amalondola mtundu kuchikazi. Lero Lundu alinso mfumu ya mafumu, ndipo zidzukulu za alendo aja zimakhala naye pabwalo limodzi.

Komabe mbiri imene tili nayo inalembedwa kwambiri ndi amishoni ndi azamalonda, amene anasamala za amuna a mfuti okha. Amayi a Chimang'anja amene anabala mafumu amenewa, ena mwa iwo otengedwa mokakamiza, ndiwo theka lina la banjali. Achinyamata a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, khalani pansi ndi agogo anu, afunseni za amayi amenewo ndi midzi imene anachokera, ndipo lembani mayina awo, akuluakulu asanathe.