Kuyeza kulemera kwa miyala ya pansi ndi ma muon komanso mphamvu yokoka ya dziko

Akatswiri a miyala ali ndi njira ziwiri zodziwira mmene miyala ya pansi yathinanirana popanda kukumba, ndipo masiku ano amaziphatikiza.

Yoyamba ndi kuyeza mphamvu imene dziko limakokera zinthu pansi. Pamwamba pa mwala wolemera mphamvuyi imakwera pang'ono, pamwamba pa phanga imatsika. Amalawi ambiri amakumbukira ndege za Kauniuni, kafukufuku wa miyala amene kampani ya ku Canada ya Sander Geophysics inachita ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2015; kuyeza mphamvuyi kunali mbali imodzi ya ntchitoyo. Vuto lake n'lakuti chinthu chaching'ono chapafupi ndi chachikulu chakuya zimatha kuonetsa nambala zofanana.

Yachiwiri ndi kuwerenga ma muon, tizinthu tosaoneka timene timabadwa cheza chochokera kuthambo chikaomba mpweya, makilomita pafupifupi 15 m'mwamba. Carl Anderson ndi Seth Neddermeyer anatitulukira mu 1936. Pa mphindi iliyonse, pafupifupi 10,000 timagwera malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Timaboola mwala, koma mwala wothinana umatsekereza tambiri. Chida chikawerenga totulukira mbali ina ya phiri, chimaonetsa mkati mwake monga X-ray ya kuchipatala. Chidacho chiyenera kukhala m'munsi mwa chimene chikuyezedwa, ndipo kuwerenga kumatenga milungu kapena miyezi.

Ubwino wophatikiza ndi woti njira ziwirizi zimayeza chinthu chimodzi, koma iliyonse imaona pamene inzake siiona. Kompyuta imafufuza chithunzi cha mkati mwa phiri chogwirizana ndi miyezo yonse iwiri. Zimenezi zachitika pa phiri la Showa-Shinzan ku Japan ndi La Soufrière ku Guadeloupe.

Ku Malawi, maonekedwe a boma la Neno ndi oyenera njira ya ma muon. Mapiri a Kirk Range ndi otsetsereka, moti chida chingakhale m'tsinde n'kuyang'ana m'mwamba. Kum'mawa, Shire amadutsa m'matanthwe pa Nkula, Tedzani ndi Mpatamanga, kumene omanga madamu a magetsi amafunika kudziwa ngati thanthwe lili ndi ming'alu. N'zochititsa chidwi kuti njira ya ma muon inayambira pa ntchito ya magetsi yotereyi: mu 1955 E. P. George anayeza nawo mwala wa pamwamba pa ngalande ya pansi ku Snowy Mountains, Australia. Kwa okumba golide ku Lisungwi nkhani ndi ina, chifukwa timibulu tomwazikana mu mchenga sitisintha kulemera kwa nthaka mokwanira kuti zida izi zitione.