Dedza: Mbiri Yosungidwa pa Miyala ndi m'Mitsuko

Adzukulu anga, ndi inu nonse okonda miyambo yathu, ambiri a inu Dedza mumangomuonera pawindo la basi. Mumagula mbatata ya kachewere ndi kabichi, n'kudandaula za chisanu, basi ulendo n'kupitirira. Komatu akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tauni yaing'onoyi, yomwe ili pa msewu wa M1 pafupifupi makilomita 85 kumwera kwa Lilongwe, ndi khomo la dera limene lasunga mbiri ya mitundu ya anthu yomwe idatsatizana kumeneko. Mbiriyo yambiri ili pabwalo, pomwe dzanja la munthu mmodzi wosasamala likhoza kuifafaniza.

Tiyambe ndi mapiri a Chongoni, kumpoto chakumadzulo kwa tauniyi. M'mapanga ndi pansi pa matanthwe a m'derali muli malo 127 ojambulidwa zithunzi, ndipo m'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO lidaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Zithunzi zakale kwambiri ndi zofiira: mizere, timadontho ndi zozungulira. Adajambula ndi Akafula, anthu osaka nyama ndi otola zipatso amene makolo athu adawapeza. Nthano imati ankafunsa mlendo kuti, "Mwandionera pati?" ndipo wochenjera ankayankha kuti wawaonera patali. M'chaka cha 1972 katswiri wofukula zakale, J. Desmond Clark, adakumba pa phanga la Chencherere napeza zida zamiyala za anthu amenewa.

Zithunzi zoyera zidabwera pambuyo, ndipo eni ake ndi Achewa. Adazijambula ndi chala choviika m'dothi loyera. Zambiri zimaoneka ngati nyama yotambasula miyendo, monga buluzi kapena nanzikambe, ndipo zimakhudza chinamwali cha atsikana. Kunena kwina, matanthwe amenewa anali bolodi la anamkungwi pophunzitsa mwambo. N'chifukwa chake tanthauzo la zina mwa izo silikambidwa pagulu kufikira lero, ndipo mlendo waulemu sakakamiza kuti amuuze.

M'zaka za m'ma 1800 Angoni a Maseko adafika ndi nkhondo, ndipo Achewa ambiri adathawira m'mapiri. Pambuyo pake amishoni ndi boma la atsamunda adalimbana ndi nyau. Pa phanga la Namzeze pali zithunzi zoyera za zilombo za gule wamkulu, monga kasiyamaliro, zojambulidwa m'nyengo yovutayo. Gule yemweyo, amene nthawi ina ankabisika, UNESCO idamulemekeza m'chaka cha 2005.

Mukatsika chitunda kulowera kunyanja kudzera ku Golomoti, mufika ku Mua, m'boma lomweli la Dedza. Mishoni imeneyi adayiyambitsa ansembe a White Fathers m'chaka cha 1902, ndipo kwa nthawi yaitali iwo ndi anyau sankamwerana madzi. Chodabwitsa n'chakuti pamalo omwewo, m'chaka cha 1976, wansembe wochokera ku Canada, Bambo Claude Boucher, amene adalandira mfunda wa Chisale, adayambitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe a KuNgoni. Kumeneko kuli nyumba yosungira zakale ya Chamare, momwe muli zigoba za gule wamkulu zoposa 400, pamodzi ndi zofotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Mukonzekere tsiku lathunthu, pakuti ola limodzi silikwana.

Okonda kukwera mapiri, phiri la Dedza lili pamsana penipeni pa tauni. Nsonga yake ndi yotalika mamita 2,198, koma poti tauniyo ili kale pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, munthu wamphamvu zake amakwera ndi kutsika tsiku lomwelo. Muli pamwamba mumaona midzi ya ku Mozambique, dera la Angónia, komwe kuli abale athu olankhula chinenero chathu chomwechi. Pamenepo mudzamvetsa kuti malire adadza mochedwa, anthu atakhazikika kale. Potsika mukaone malo oumba mbiya a Dedza Pottery, omwe adayamba m'chaka cha 1987. Makapu ndi mbale zake n'zamakono, koma luso loumba dothi n'lakale ngati midzi yomweyo.

Mbiya imatifikitsa ku mowa. Fakitale yotchuka ya Carlsberg idatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1968, koma m'midzi ya ku Dedza amayi anali akufulula kalekale. Amanyika chimanga kapena mawere kuti zimere, n'kuyanika, n'kupera kukhala chimera. Akaphika phala amathiramo chimeracho. Chikadali chotsekemera timachitcha thobwa, ndipo chikagonera masiku angapo n'kusasa chimasanduka mowa wa masese. Mowa umenewu unali ndi ntchito zake: kuthira nsembe kwa mizimu, kuthokoza olima pa dima, ndi kutsiriza mwambo wa maliro. Chipanda chinkayambira kwa akulu, ndipo ana sankayandikira. Kachasu ndi wobwera, dzina lake lomwe lidachokera ku Chipwitikizi. Poti adabwera wopanda mwambo womuletsa, wasautsa mabanja ambiri.

Tsono vuto lili apa. Pa matanthwe ena a Chongoni anthu alembapo maina awo ndi makala kapena choko pamwamba pa zithunzi za makolo. Ena amasonkha moto m'mapanga, utsi n'kudetsa zojambulazo. Mitengo yomwe imatchinga mvula ndi dzuwa ikutha ndi nkhwangwa. Chigoba cha ku Mua chikathyoka, mmisiri akhoza kusema china. Koma chithunzi cha Akafula chikafufutika chapita, pakuti ojambula ake kulibenso.

Choncho mukadzapita ku Chencherere, Namzeze kapena Mphunzi, mukayambe mwaonekera kwa eni dera ndipo mutenge wokuperekezani wodziwa malowo, pajatu safunsa adadya phula. Musakhudze zithunzi, musazithire madzi kuti zioneke bwino pa kamera, ndipo dzina lanu mukalembe m'buku la alendo. Mukabwerako mudzawafotokozere ana anu zomwe mwaona, kuti nawonso adzapite akazipeze zilipo.

Tsalani bwino, adzukulu anga.