Mtendere wa ku Wajir Unayambira Pamsika

Usiku wina m'chaka cha 1993 mfuti zinayamba kulira m'tauni ya Wajir, kumpoto chakum'mawa kwa dziko la Kenya. Mayi wina wachichepere, mphunzitsi, dzina lake Dekha Ibrahim Abdi, ananyamula mwana wake woyamba nalowa naye kunsi kwa bedi, ndipo anakhala kumeneko maola angapo zipolopolo zikudutsa. Kutacha, mayi ake a Dekha anamukumbutsa kuti iwonso anamubisapo iyeyo kunsi kwa bedi chimodzimodzi cha mu 1966, ali kamwana ka zaka ziwiri. Dekha anawerenga mibadwo: agogo, mayi, tsopano mdzukulu, onse pansi pa bedi. Kuchokera tsikulo anayamba kufunafuna amayi anzake amene nawonso anali atatopa.

Kuti timvetse chimene amayiwa anachita, tiyambe taona malo amene ankakhala. Wajir ndi dera louma la Asomali oweta ngamira, ng'ombe ndi mbuzi. Mafuko akuluakulu kumeneko ndi atatu: Degodia, Ajuran ndi Ogaden. Onsewo ndi Asilamu, ndipo amatsatira mazhabu a Imam Shafi'i, omwe ambiri a ife kuno timatsatiranso. Atsamunda a ku Britain anadulira fuko lililonse malire a msipu ndi zitsime zake. Kenya italandira ufulu mu 1963, anthu ambiri a m'chigawochi ankafuna kukhala mbali ya Somalia, ndipo panabuka nkhondo yotchedwa Shifta imene inatha mu 1967. Nkhondoyo inatha koma malamulo okhwima a nthawi ya nkhondo anatsalabe m'chigawomo mpaka kumayambiriro a zaka za m'ma 1990. Mu Febuluwale 1984 asilikali a boma anasonkhanitsa amuna a fuko la Degodia pabwalo la ndege la Wagalla, nawasunga padzuwa masiku angapo opanda madzi kapena chakudya, ena n'kuwawombera. Boma linati anafa ndi 57. Amene anapulumuka amanena za anthu ochuluka kwambiri kuposa pamenepo. Munthu wa ku Wajir anakula akudziwa kuti kukadandaula kuboma ndi kukadziitanira tsoka lina.

Kenaka zinthu zitatu zinagwa pamodzi. Mu 1991 maboma a Siad Barre ku Somalia ndi Mengistu ku Ethiopia anagwa, ndipo othawa kwawo pamodzi ndi mfuti anakhamukira ku Wajir, komwe kuli malire ndi mayiko awiriwo. Chilala cha 1991 ndi 1992 chinapha ziweto zankhaninkhani, moti anyamata amene anakulira kubusa anatsala opanda chiweto koma ali ndi mfuti. Chisankho cha zipani zambiri cha mu Disembala 1992 chinasandutsa mpando wa phungu ndi wa mfumu ya boma kukhala chuma cha fuko, pakuti fuko lopeza mpando linkapezanso mjigo, msipu ndi chakudya cha thandizo. Anthu oposa 1,200 anaphedwa m'zaka zochepa zotsatira.

Chidanicho chinafika mpaka pamsika wa m'tauni. Amayi ogulitsa mkaka, nyama ndi ndiwo anayamba kukana kugulitsa kwa mayi wa fuko lina, ndipo ena ankamenyana. Apa mpamene Dekha ndi anzake ochepa, ochokera m'mafuko osiyana, anayambira. Sanayambe ndi nkhani ya mipando kapena ya malire a msipu, imene inali m'manja mwa amuna. Anatenga chimene chinali m'manja mwawo. Anagwirizana mfundo imodzi yosavuta, yakuti mayi aliyense, wa fuko lililonse, ali ndi ufulu wobwera pamsika, kugula, kugulitsa ndi kubwerera kwawo osavutitsidwa. Anasankha timagulu ta amayi toyendera msika tsiku ndi tsiku, ndipo mkangano ukayamba ankauthetsa pomwepo usanafike m'makutu mwa amuna okhala ndi mfuti. Posakhalitsa msika unakhala malo oyamba m'tauniyo amene mafuko atatu ankakumanako popanda mantha.

Wophunzira fiqh aizindikira ntchito imeneyi, pakuti dzina lake ndi hisba, kuyang'anira msika kuti pasakhale chinyengo kapena kuponderezana. Mabuku a mbiri ya maswahaba amatchula mayi Samra bint Nuhayk kuti ankayenda m'misika akulamula zabwino ndi kuletsa zoipa. Palinso nkhani yotchuka yakuti Umar (Allah asangalale naye) anapatsa al-Shifa bint Abdillah ntchito ina ya pamsika wa Madina, ngakhale kuti maulama ena, monga Qadi Abu Bakr ibn al-Arabi, anaikana nkhaniyo, choncho tisaimangire chigamulo. Chimene chilibe mkangano ndi chakuti kuyanjanitsa Asilamu omenyana, kumene kwalamulidwa mu Surat al-Hujurat ndime 9, ndi fardh kifaya: akachita ena, onse apepukidwa, koma akasiya onse, tchimo ligwera onse. Ndimeyo sinaike lamuloli pa masheikh okha kapena pa amuna okha. Ndikunena izi ndi manyazi pang'ono monga mmodzi wa ovala nduwira, chifukwa ku Wajir misikiti inalipo, ma khutba ankaperekedwa Lachisanu lililonse, koma amene ananyamula fardh imeneyi poyamba anali amayi a pamsika.

Amayiwo ankadziwa polekezera mphamvu zawo. Nkhondo yeniyeni inali kutchire, kuzitsime, ndipo woyimitsa anayenera kukhala akuluakulu a mafuko. Koma mkulu wa Degodia sakanaitana wa Ajuran popanda kuoneka ngati wagonja. Nzeru imene anapeza inali yopita kwa akuluakulu a timafuko ting'onoting'ono, amene sankaopedwa ndi aliyense ndiponso analibe mpando wolimbirana. Amenewa ndiwo anakhala amkhalapakati. Misonkhano inali yowawa, yodzaza ndi kuwerengerana maliro, koma mu Sepitembala 1993 akuluakulu anagwirizana pangano losiya kumenyana, kubweza ziweto zobedwa ndi kutsegula misewu. Panganolo limatchedwa Al-Fatah, potengera dzina la madrasa imene anakumanamo.

Pangano la pakamwa silidyetsa mnyamata amene ng'ombe za bambo ake zinafa ndi chilala. Gulu la achinyamata linapangidwa kuti lizilankhula ndi anzawo onyamula mfuti, ndipo linapeza msanga kuti ambiri mfutiyo inali khasu lawo. Choncho amalonda a m'tauni anapemphedwa kulowapo kuti anyamata otula zida apeze chochita, ndipo mfuti zambiri zinaperekedwa kudzera mwa akuluakulu. Mu 1995 magulu onsewa, amayi, akuluakulu, achinyamata, atsogoleri a chipembedzo, amalonda, apolisi ndi asilikali, anakhala pansi pa denga limodzi lotchedwa Komiti ya Mtendere ndi Chitukuko ya Wajir, wapampando wake ali DC. Analinso ndi kagulu kothamangira pamalo pamene pachitika kuba kapena kupha, kuti mlandu ukambidwe abale a wophedwa asananyamuke kukabwezera. Boma lomwe lija la ku Wagalla tsopano linkakhala pamphasa imodzi ndi anthu amene linawazunza, ndipo linafika pamphasapo mochita kuitanidwa.

Gwero la mikangano yambiri linali madzi ndi msipu, ndipo apa Shariya ili ndi zambiri zonena. Hadith ya mwa Abu Dawud ndi Ibn Majah imaika madzi, msipu ndi moto m'gulu la zinthu zimene anthu onse ali nazo gawo, ndipo Bukhari ndi Muslim analandira chiletso chomana madzi otsala ndi cholinga chotsekereza ena msipu wozungulira chitsimecho. Komabe kukhala za onse sikutanthauza kuti zilibe malamulo. Mtumiki (Swalla Allahu alayhi wa sallam) anapatula malo a al-Naqi' kukhala hima, msipu wotetezedwa, ndipo Umar anachitanso chimodzimodzi ku al-Rabadha. Malangizo amene Umar anapatsa Hunayy, woyang'anira hima, ali mu Muwatta ndi mu Bukhari, ndipo ndimakonda kuwawerengetsa ophunzira anga. Anamuuza kuti azilowetsa mwini ngamira zochepa ndi mwini nkhosa zochepa, koma asalowetse ziweto za Ibn Awf ndi Ibn Affan, maswahaba olemera, chifukwa iwo ziweto zikafa ali ndi minda ya tende yobwererako, pamene wosauka adzabwera ndi ana ake pakhomo pa Khalifa. Kuteteza udzu ndi kuteteza mmphawi zinali chigamulo chimodzi.

Mzimu umenewu unaonekera pamene njira ya ku Wajir inafalikira m'maboma oyandikana. Mu 2001 akuluakulu ndi akuluakulu a boma a kumpoto kwa Kenya anagwirizana pangano la Modogashe, limene linaunikidwanso ku Garissa mu 2005. Mwa mfundo zake munali yakuti abusa ofuna kudyetsa ziweto m'dera la ena nthawi ya chilala ayambe apempha kwa akuluakulu a kumeneko, alowe opanda mfuti, ndipo abwerere kwawo chilala chikatha. Mlendo samanidwa madzi, koma msipu wa eni dera suthedwa mwachisawawa.

Mfundo ina ya panganolo ndiyo yofunika kuti tikhalepo nthawi, chifukwa ndi pamene mwambo ndi Shariya zimafanana nkhope koma zili zosiyana. Anagwirizana kuti munthu akaphedwa, anthu a kwawo kwa wakuphayo alipire ngamira 100 ngati wophedwa ndi mwamuna, ndi 50 ngati ndi mkazi. Chiwerengero cha ngamira 100 ndi cha mu Sunnah. Chili m'kalata imene Mtumiki (Swalla Allahu alayhi wa sallam) analembera Amr ibn Hazm. Kuti abale athandizane kulipira diya kulinso mu Shariya, ndiko kumene timati aqila. Koma mazhabu onse anayi amagwirizana kuti aqila simasenza dipo la kupha mwadala. Wopha mwangozi abale ake amamuthandiza. Wopha mwadala, ngati abale a wophedwa amukhululukira qisas monga ilolera Surat al-Baqara ndime 178, dipo limatuluka m'chuma chake iye mwini. Mwambo wa Asomali wotchedwa xeer susiyanitsa kwenikweni pamenepa: gulu lonse la achibale limasonkha, kaya kupha kunali kwangozi kapena kwadala.

Akuluakulu ali ndi yankho lomveka. Amati fuko limene likudziwa kuti lidzataya ngamira 100 limagwira anyamata ake lisanafike tsokalo, ndipo kutchire kumene kulibe khothi kapena polisi yodalirika, njira ina yotsala ndi kubwezera kosatha. Sindikupeputsa yankho limeneli. Pa sulh, munthu akafuna kulipirira m'bale wake mwa kufuna kwake palibe choletsa, ndipo kuimitsa magazi ndi cholinga chachikulu cha Shariya. Koma ngozi yake ndi yoonekeratu. Ngamira 100 zikagawidwa pa mabanja mazana, wakuphayo mwina apereka mbuzi imodzi, n'kumayenda pamsika ngati sanachite kanthu, ndipo magazi a Msilamu atsika mtengo. Choipa china n'chakuti mlandu ukakhala wa fuko, wobwezera amaona aliyense wa fukolo ngati woyenera kufa, chimene ndicho Mtumiki (Swalla Allahu alayhi wa sallam) anathetsa pa Hajj yotsanzika, atayamba ndi kufafaniza mlandu wa magazi wa banja lake lomwe. Maganizo anga ndi akuti kusonkha kwa fuko kuloledwe monga mankhwala a nthawi ya moto, koma wakuphayo atchulidwe dzina, chuma chake chiyambe kutengedwa, ndipo aonekere pamaso pa lamulo la dziko, pakuti ku Kenya makhothi a Kadhi amaweruza za ukwati, chisudzulo ndi chuma cha masiye basi, osati milandu ya kupha. Allah ndiye Wodziwa kwambiri.

Nanga za theka la mkazi? Amenewo ndi maganizo a mazhabu anayi, ndipo ena anati pali ijma. Komabe kale lomwe al-Asamm ndi Ibn Ulayya anati diya ya mkazi ndi ya mwamuna n'chimodzimodzi, ndipo m'nthawi yathu Sheikh Muhammad al-Ghazali ndi Sheikh Yusuf al-Qaradawi anatsatira maganizo amenewo, potengera kuti Surat al-Nisa ndime 92 sinasiyanitse. Pano sindikugamula pakati pawo. Ndingokumbutsa kuti pa kupha mwadala abale a wophedwa ali ndi ufulu wogwirizana dipo loposa diya yoikika, choncho akuluakulu a ku Modogashe akanatha kulemba ngamira 100 kwa onse popanda kutuluka mu mazhabu a Shafi'i. Sizodabwitsa kuti omenyera ufulu wa amayi anadandaula nayo mfundoyi, makamaka tikakumbukira amene anayambitsa ntchito yonseyi.

Wajir sinasanduke Jannah. Mu 1998 anthu ambiri anaphedwa ku Bagalla, kumpoto kwa bomalo, ndipo m'zaka zapambuyo pake mafuko a Degodia ndi Garre anamenyana m'malire a Wajir ndi Mandera. Makomiti a mtendere atakhazikitsidwa ndi boma m'madera ena, ena mwa iwo anasanduka malo odikirira ndalama za misonkhano, chifukwa chimene chinabadwa ndi kutopa kwa anthu sichibadwanso ndi kalata yochokera ku likulu. Koma nkhondo ya mafuko atatu ija inazima, misewu inatseguka, ndipo maphunziro a mtendere analowa m'sukulu za m'bomalo.

Dekha analandira mphoto ya Right Livelihood mu 2007. Chisankho cha Disembala chaka chomwecho chitabweretsa zipolowe m'dziko lonse la Kenya, iye pamodzi ndi Bethuel Kiplagat, George Wachira ndi akuluakulu a asilikali opuma Daniel Opande ndi Lazaro Sumbeiywo anatsegula bwalo la nzika ku hotela ya Serena ku Nairobi, kumene aliyense wokhala ndi nzeru yoimitsira kuphana ankabwera m'mawa kudzaipereka, monga ankachitira amayi aja pamsika. Mu Julaye 2011 galimoto imene anakwera inachita ngozi panjira ya ku Garissa. Mwamuna wake anafera pomwepo, ndipo iye anamwalira m'chipatala ku Nairobi pa 14 Julaye, ali ndi zaka 46. Allah awachitire chisoni onse awiri.