Nyumba ya Mitengo ya ku Stratford

Ana inu, mu mzinda wa Stratford-upon-Avon ku England muli nyumba m'mene anabadwira William Shakespeare, mlembi wa masewero, m'caka ca 1564. Amisiri anaimanga ndi nsanamira ndi mitanda ya mtengo wolimba wa oak, nazilumikiza ndi zikhomo za mtengo. Pakati pa nsanamirazo analukapo timitengo namatapo dothi, monga timacitira kumudzi. Dothilo lingochinga mphepo; kulemera konse kwa denga kuli pa mitengo. Ciswe kulibe kumeneko, koma cinyezi cioletsa mtengo, motero nsanamira anaziimika pa maziko a miyala.

Atate a William atamwalira mu 1601, mbali yaikulu inasanduka nyumba ya alendo yochedwa Maidenhead, ndipo eni ace a pambuyo anaphimba kumaso kwace ndi njerwa. Mu 1847 komiti ina inaigula ndi £3,000. Pakati pa 1857 ndi 1864 anacotsa njerwazo nabwezera maonekedwe akale potsata cithunzi, kotero kuti zambiri zimene alendo acita nazo cidwi lero ndi nchito ya amisiri a zaka zimenezo. Nyumba zogundana nayo anazigwetsa, kuopa moto.